Zala Zanga Sizinadulidwe ndi Jeki

Jumeirah, Dubai, Lachisanu masana

Fatsani mwana wanga,

Ndakhala pansi kuti ndikulembere chifukwa pa foni sumandimva. Umangoti “eya bambo, eya bambo,” maso ali pa zina, ndipo ine nkhani yolemera ndimalephera kuiyamba. Mawa m'mawa ukukwera ndege ndipo sitionana. Madamu, akazi a bwana amene ndimamuyendetsa, ananena kale kuti pageti pano pasalowe munthu wakunja mpaka korona atachepa, poti amayi awo okalamba aja ali m'nyumba muno ndi chifuwa chawo. Nawenso wayezetsa kale, ukudikira pepala lako, ndiye sindifuna kuti ine ndikhale wokupatsira kanthu n'kukuphera ulendo. Kuchoka pano kufika ku Sports City komwe ukugonako si patali. Msewu umenewo ndaudutsa kosawerengeka nditanyamula ana a eni ake, koma lero wanga yemwe sindingathe kumufikira.

M'phukusi lomwe labwera ndi kalatayi muli nsapato za jombo, masokosi a ubweya wa nkhosa ndi chipewa. Ukaziyesa nsapatozo useka, uti mdala uja wakalambadi, waiwala ndi saizi ya mwana wake yomwe. Sindinaiwale. Ndagula zazikulu dala. Werenga kaye mpaka kumapeto, ukaseke pambuyo pake ngati mpata wosekera ukhalepo.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti ntchito imeneyi ndakuponyeramo ndine. Chitsekereni hotela yanu ija ndakhala ndikukuona ukuuma ngati chimanga cha pa chulu, viza ikutha, iwe uli gone m'kachipinda ka anthu asanu ndi mmodzi. Tsiku lomwe mphwake wa bwana ananena kuti akusowa dalaivala wopita naye ku uzimba ku Kazakhstan, poti ine ndakula ndipo a BP ngati ife atiletsa kuyenda nthawi ya mliri ino, dzina lako linatuluka pakamwa panga ndisanaganize n'komwe. Anangoti, “Khalas, basi, abwere.” Ndinathokoza, ndinawerama, ndinatuluka chambuyo. Nditafika kuchipinda kwanga kuseri kwa galaja ndinakhala pabedi, ndinavula sokosi n'kuyang'ana phazi langa lamanzere, ndipo mantha anandigwira.

Phazi limeneli umalidziwa. Uli wamng'ono, ndikabwera ku tchuthi ku Dedza, unkawerenga zala zake n'kumauza anzako kuti abambo ali ndi zitatu ngati nkhuku. Ndinakuuzani nonse, ndi amayi ako omwe, kuti jeki inandigwera ndikusintha tayala. Ndinanama. Zala ziwirizo anazidula ndi dokotala kudziko lomwe ukupita mawali, zitada bii ndi kuzizira. Ndinanama chifukwa cha manyazi, komanso chifukwa m'nkhani yeniyeniyo muli munthu wina amene sindinkafuna kumutchula. Lero ndimutchula.

Ku uzimba umenewu ndinapitako katatu. Maulendo awiri omalizawo ndinabwera ndi zonse zomwe ndinapita nazo. Zoipa zonse zinachitika pa ulendo woyamba, m'masabata atatu okha, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chimene ndingati chinali tsoka. Zinali zolakwa zanga, chimodzi pamwamba pa chinzake.

Cholakwa choyamba chinali kudzitama. Anzanga a ku Pakistan amene anali atapitako kale ankandichenjeza, ine n'kumawaseka. Ndinkati inu mukundiuza za kuzizira ine wa ku Dedza, ine amene ndinkapita kusukulu mu Juni wopanda nsapato, udzu uli mbuu, zidendene zitang'ambika? Ndikudziwa kuti nawenso mawu amenewa wawalankhula kale kwa anzako, poti magazi ndi amodzi. Tamvera, Fatsani. Kuzizira kwa kwathu n'kwachilungamo. Kumakuluma, umakumva, umathamangira kukaotha, basi kwatha. Kwa uko kumakuluma kwa kanthawi, kenako kumasiya. Iwe umaganiza kuti thupi lazolowera, pomwe phazi layamba kufa. Uzikumbukira zimenezi kuposa china chilichonse m'kalata muno: phazi likamapweteka lili moyo, likasiya kupweteka usanalifunditse pali vuto.

Ntchito yake sanakulongosolere bwino, ndiye ndikuuze. Mabwana amasaka ndi mbalame zawo zophunzitsidwa, mphamba zovala tizipewa tachikopa kumaso, ndipo zimene amafuna kugwira ndi mbalame ina yotuwa, yothamanga pansi ngati nkhanga, yomwe amaitcha hubara. Dzikolo ndi chigwa chopanda mtengo, chopanda chulu choti ubisalepo mphepo. Mphambazo zimakhala ndi galimoto yawoyawo yofunda bwino ndi dokotala wawo woziyang'anira. Iwe sudzakhala ndi dokotala. Iwe udzayendetsa, udzanyamula, udzakoka galimoto zotitimira, koma nthawi yambiri udzangoima. Adzakusiya pa kamtunda ndi wailesi m'manja, injini itazimitsidwa kuti mbalame zisathawe, uziyang'ana kumene mphamba yalowera. Anthu amaganiza kuti choopsa ndi kuyenda m'chipale. Ayi, chimene chimadya mapazi ndi kuimako.

Ulendo usanachitike ndinapita kumsika kukagula nsapato. Ife kwathu tikamagula nsapato timafuna yogwira phazi bwinobwino, yosagwedera, yowala, kuti munthu wa paulendo azioneka. Ndinasankha jombo zachikopa zakuda, zondikwana ndendende, ndinazipolisha mpaka kudziona nkhope. Titafika uko, tsiku loyamba lomwe, mapazi anayamba kulira. Nzeru zanga zinandiuza kuti ndiwonjezere masokosi. Ndinavala awiri, kenako atatu, onse a thonje a kuno ku Dubai, n'kukankhira phazi m'nsapato mokakamiza, n'kumanga zingwe zolimba kuti mphepo isalowe. Ndinkaona ngati ndachenjera. Sindinkadziwa kuti chimene chimafunditsa phazi si nsalu, ndi magazi, ndipo ine magaziwo ndinali nditawatsekera njira ndi manja anga. N'chifukwa chake zako ndagula zazikulu. Uvale sokosi imodzi yopyapyala m'kati, ya ubweya pamwamba, basi. Ukamanga zingwe uyese kugwedeza zala zonse. Zikakana kugwedera, masula, ngakhale bwana akuimba hutala.

Tenti yathu tinkagonamo madalaivala awiri akuda, ine ndi a Sakala. A Sakala anali a ku Katete, ku Zambia, ndipo ankayendetsa mchimwene wake wa bwana ku Al Furjan. Munthu wamtali, wa nthabwala, wosatha kukhala pansi. Kuno ku Dubai, Lachisanu likakhala lopuma, ankandidzutsa kuti tiyende wapansi m'mbali mwa nyanja mpaka ine miyendo kuwawa, iwo akungokamba za munda wawo wa mtedza womwe ankati akabwerera akaulima okha, opanda waganyu. Nawonso unali ulendo wawo woyamba. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, koma pa nkhani ya kuzizira ankandimvera ine, poti ndinali nditawadzaza m'makutu ndi za ku Dedza.

Cholakwa china ndinachichita chifukwa cha ulemu. Ukudziwa mwambo wa kuno, kuti pakhomo pa bwana nsapato timavula, n'kuziika bwino pambali. Zaka zonsezi thupi langa linazolowera, ndikaona kapeti manja amapita okha ku zingwe. Ndiye uko, polowa m'tenti yathu yomwe, ndinavula jombo zanga n'kuziimika panja pakhomo mwaulemu wake. M'mawa ndinazipeza zitauma gwa ngati zosema pamtengo, thukuta la dzulo litasanduka ayezi m'kati. A Sakala anaseka mpaka kutsokomola.

“Ba Mbewe,” anatero, “imwe muli na nzelu zoona? Nsapato mwaigoneka panja monga galu?”

Ndinaseka nawo, n'kulowetsa mapazi mmenemo momwemo, poti galimoto zinali zitalira kale. Tsiku lonse mapazi anga anagwira ntchito yosungunula nsapato m'malo moti nsapato zifunditse mapazi. Iwe usadzachite zimenezo. M'tenti ya mabwana vula, ndi mwambo wawo, koma nsapato zako uzilowetse m'kati mwa chitseko ngakhale wina akuyang'ane moipa. M'tenti yako uzigona nazo pafupi. Zako zili ndi zoyala za m'kati zochotseka. Uzizitulutsa madzulo alionse, uzilowetse m'bulangete pamodzi ndi masokosi a mawa, zigone pathupi pako.

Palinso hita ya m'galimoto. Ife madalaivala a ku Dubai dzanja lathu linazolowera kupotokola batani mpaka kumapeto, poti kuno timalimbana ndi dzuwa. Uko ndinkachita chimodzimodzi ndi hita, n'kuilozetsa kumapazi, n'kumamva kukoma. Maola awiri tikuyenda, mapazi ali m'masokosi atatu a thonje, thukuta lili chuchuchu. Kenako wailesi imalira, “Yalla, yalla, tsika!” ndipo ndinkatsikira m'chipale ndi mapazi onyowa. Thonje likanyowa siliuma, limangogwira madziwo n'kumakuziziritsa. Mdani wa phazi uko si chipale chakunja chokha, ndi madzi a m'thupi mwako momwe. Hita uziilozetsa ku galasi. Masana alionse, nthawi yomwe mabwana akupemphera ndi kudya, khala pa mpando wa galimoto, vula, pukuta mapazi mpaka pakati pa zala, vala masokosi ouma. Onyowawo uwalowetse m'malaya, pamimba, aziuma ndi kutentha kwako. Anunkha, inde. Palibe amene akupita uko kukafunsira mbeta.

Ukakhala pa kamtunda paja usaime ngati msilikali. Ine ndinkaima nji, manja kumbuyo, kuti bwana akandiona pa zoonera patali aziti Mbewe ndi munthu wa ntchito. Nthaka youma ndi chisanu imakoka kutentha kudzera pansi pa nsapato, ndipo chitsulo cha galimoto chimaposa pamenepo. Tenga katoni kapena kachidutswa ka kapeti uziimapo. Uziyendayenda, uzigwedeza zala m'nsapato, uzivina ngati kuli kotheka, akuseke. Chipewa chisachoke kumutu, chifukwa thupi likazizidwa limayamba ladzisungira magazi pakati n'kuwamana mapazi. Udye m'mawa ngakhale chakudya chawo chisakukomere. Ndipo fodya uja umabisa ukamandiimbira pa vidiyo, ukuganiza kuti sindiona utsi kumbuyo kwako, umusiye pa bwalo la ndege. Amafinya mitsempha, ndipo uko mitsempha yako udzaifuna yonse. Wamva, Fatsani?

Tsopano ndifike pa chimene ndakhala ndikuchizungulira.

Linali sabata lachitatu. M'mawa wina tikudutsa pa kakhwawa kouma pamwamba, galimoto ya a Sakala inaswa ayezi n'kutitimira matayala akutsogolo. Pansi pake panali madzi. Mabwana anali pa changu chifukwa mbalame zinali zitaoneka kutsogolo. A Sakala sanadikire kuuzidwa, anatsika ndi chingwe, analowa m'madzimo mpaka m'mawondo, anakoleka, ine ndinakoka ndi yanga. Galimoto inatuluka, mabwana anawomba m'manja akuthokoza m'Chiarabu, “Shukran, Sakala, shukran!” Iwo anamwetulira mano onse, anakwera, tinapitiriza. Masokosi ena analibe, anali ku kampu. Sanapemphe kubwerera, ndipo ine amene ndinaona zonse sindinawapemphere. Tsiku limenelo anawaimika pa kamtunda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndi nsapato zodzadza madzi.

Chakumasana ndinadutsa pomwe anaima, ndinatsitsa galasi n'kuwafunsa za mapazi.

“Poyamba yenze kubaba maningi,” anatero, “koma manje yasiya. Nili che bwino.”

Ndinawauza kuti mwaona, thupi limazolowera. Ndinanena ine mawu amenewo, ndi pakamwa pangapa, ndinakweza galasi n'kumapita.

Titabwerera ku kampu dzuwa lisanalowe, ndinawaona akuyenda ngati munthu woponda pa zitsa. Atalowa m'tenti anakhala pansi n'kundiitana motsitsa mawu.

“Ba Mbewe, bwelani muone. Mendo yanga siniyamvela.”

Tinavutika kuvula nsapatozo. Mapazi anali otuwa, olimba ngati kandulo, ndikawadina chala sichinkalowa. Ndinati ndikaitane bwana. Anandigwira dzanja.

“Osakamba. Bazanibweza ku Zambia, bazakamba ati ndine wofooka. Imwe ndimwe ba ku Dedza, muziba vochita.”

Ndipo ine ndinavomera kuti ndikudziwa. Ndinachita zomwe mwana aliyense wa kwathu amachita akazizidwa, zomwe amayi anga ankandichitira ndikabwera kodyetsa mbuzi. Ndinawatikita mapaziwo mwamphamvu ndi manja, ndi thaulo, mpaka ine thukuta. Kenako ndinakoka mbaula yachitsulo yomwe tinkafunditsira tenti, ndinaisonkhezera mpaka kufiira, ndinawakhazika pa mpando n'kuwaika mapazi pafupi penipeni kuti aothe. Ndinawafunsa ngati akumva kutentha. Anati ayi. Ndinawasendeza pafupi. Ndinawafunsanso, anati ayi, ndinawasendezanso. Tinkakamba nkhani, iwo akuseka, akuti mawa adzuka ali bwino. Chimene chinatiuza kuti zinthu zalakwika si ululu, Fatsani. Linali fungo. Munthu ankapsa ali chikhalire, akundiuza za mtedza, osamva kanthu.

Ukanakhala iwe ukanati apa ndiye anathamanga kukanena. Sitinanene. Mapazi atasungunuka ululu unabwera woti munthu wamkulu uja analuma bulangete, matuza anatuluka akuluakulu, ndipo ife tinati ndiye kuti moyo wabwerera. Ndinawamanga ndi nsalu. M'mawa ndinawathandiza ndi manja anga kulowetsa mapazi otupawo m'nsapato zosauma bwino zija, ndinawakweza m'galimoto, anakagwira ntchito tsiku lina lathunthu. Mapazi aja anaumanso kachiwiri.

Anatitulukira ndi mkulu wina wa konko amene ankatilondolera njira. Anaona mmene a Sakala ankatsikira m'galimoto madzulo ake, anabwera osafunsa, anawagwetsa pa mpando n'kudula zingwe za nsapato ndi mpeni. Ataona, anatembenuka n'kundiyang'ana ine. Chilankhulo chake sindinkachimva koma anakuwa mawu ambiri, akuloza mbaula, akuloza mutu wanga. Bwana anabwera akuthamanga. Ndimayembekeza kuti akalipa za ulendo wake woonongeka. Sanatero. Anagwira kumutu, anandifunsa kuti, “Mbewe, chifukwa chiyani simunandiuze? Galimoto zilipo, chipatala chilipo, chifukwa chiyani?” Anaimitsa uzimba tsiku lomwelo. Funso limenelo ndikulisenzabe mpaka lero, ndipo likanandipepukira akanakhala munthu woipa.

Kuchipatala kunali kutali, ndinayendetsa ndine. Titafika, namwino wina anaona kuti nanenso ndikutsimphina, anandilozera pa benchi kuti ndivule. Ndinakana, ndinati ine ndili bwino, odwala ndi awo. Anaumirira. Masiku anayi ndinali ndisanayang'ane phazi langa lamanzere pa kuwala, ndinkavula mumdima dala chifukwa ndinkaopa chomwe ndikachione. Zala ziwiri zakumapeto zinali zitada kale. Masokosi atatu aja, zingwe zolimba zija, hita ija, zonse zinali zitagwira ntchito yake mwakachetechete, ine ndili kalikiliki kuphunzitsa mnzanga za kuzizira.

Ine ndinataya zala ziwiri. A Sakala anawadula mapazi onse awiri, lina pa kakolo, lina m'munsi mwa bondo. Dokotala anandiitanira pambali, iwo ali mtulo ta mankhwala, ndipo kudzera mwa womasulira anandifunsa kuti ndani anawaika pamoto. Ndinati ndine. Anandiuza mosabisa kuti chisanu chokha chikanatenga zala, mwina ndi kachigawo ka phazi, koma kutikita kuja, moto uja, ndi kuumanso kachiwiri kuja ndi zimene zinatenga zotsalazo. Mawu amenewo anawamva ndine ndekha. Sindinawauze a Sakala, sindinauze akazi awo, sindinauze amayi ako. Iwe ndiwe woyamba.

Ali moyo, ali ku Katete. Munda wa mtedza uja amalima ndi akazi awo ndi ana, iwo amakhala pakhonde. Khirisimasi iliyonse amanditumizira mawu pa foni, akuseka monga kale, amati, “Ba Mbewe, imwe munanipulumutsa, munaniyendetsa mtunda wonse uja.” Akazi awo amalowererapo kundidalitsa. Ndimamvetsera kamodzi, ndimayankha kuti zikomo, Mulungu ndi wabwino, kenako tsiku limenelo sindidya. Zimandiwawa, mwana wanga, ndipo sizinachepe ndi zaka.

Ndiye tamvera njira yake yeniyeni, yomwe ndinaiphunzira mochedwa kwa mkulu wotilondolera uja pa maulendo enawo. Zala zikayamba dzanzi koma khungu likadali lofewa, usadikire. Lowa m'galimoto, vula, zifunditse ndi manja osatikita, kapena uike phazi pamimba pa mnzako, m'kati mwa malaya. Usachite manyazi, iwo eni dziko amachita zimenezo. Koma khungu likatuwa n'kulimba, imeneyo si ntchito yako, ndi ya chipatala. Usatikite. Usayandikize ku moto, ku mbaula, ku hita kapena ku ekizozi ya galimoto, chifukwa phazi lakufa dzanzi silidziwa kuthawa. Ngati chipatala chili kutali ndipo mwafika pamalo ofunda pomwe simuchokanso, madzi ofunda okha, oti chigongono cha munthu wabwinobwino chikhalemo osawawa, ngati osambitsira khanda. Ndipo phazi likasungunuka lisapondenso panja, lisalowenso m'nsapato, munthuyo anyamulidwe. Likaumanso kachiwiri ndiye kuti lapita. Uwerenge ndime imeneyi kawiri, ndipo ukafika uwauzenso anzako a m'tenti, makamaka akakhala akwathu, chifukwa akwathu onse akazizidwa amathamangira ku moto.

Koma nsapato ndi masokosi si zimene zikundisowetsa mtendere. Zimenezo ndagula, zatha. Chimene sindingakugulire ndi pakamwa. Kuno ku Dubai Amalawi timatchuka ndi chinthu chimodzi, ndipo umachidziwa chifukwa nawenso chinakupezetsa ntchito kuhotela. Amati Mmalawi sadandaula, Mmalawi sayankha, Mmalawi ukamuuza kuti dikira apa umupeza pomwepo mawa. Timanyadira mbiri imeneyo, timauzana m'matchalitchi mwathu kuti tisaiwononge. Ine ndinakulera momwemo. Ndinkakumenya ukayankha akulu, ndinkakuuza kuti mwamuna salira ndi kuzizira. Ndimaona mmene umaimira pamaso pa bwana, mutu pansi, “no problem, sir” ali kale pamilomo funso lisanathe, ndipo ndimadziona ndekha. Kuno khalidwe limenelo limakusungira ntchito. Uko lidzakudula miyendo.

Ndikudziwanso kuti chaka chino mantha ako ndi oposa amene tinali nawo ife. Wakhala miyezi yonseyi wopanda ntchito, waona anzako akukwezedwa ndege kubwerera kumudzi ndi kachikwama kamodzi, ndipo mumtima mwako walumbira kuti iwe zimenezo zisakuchitikire. Udzaima pa kamtunda paja zala zitasiya kupweteka, wailesi ili m'manja, ndipo udzayamba kuwerengera: ndikanena andiona wofooka, chaka chamawa sanditenganso, abambo achita manyazi poti anandipezera ndi iwo. Ndikukuuziratu lero kuti manyazi amenewo ine sindidzakhala nawo. Dina batani la wailesiyo unene. Nena m'Chingerezi, nena m'Chiarabu chako chothyokathyokacho, nena m'Chichewa ngati zina zakuthawa, koma nena. Mnzako akanyowa mapazi n'kukugwira dzanja kuti usanene, mukanize dzanjalo upite ukanene, akudane. Bola akudane akuyenda.

Akakuchotsa ntchito chifukwa cha zimenezo, bwera. Tidzaona chochita. Ukabwerera ku Dedza wopanda kanthu m'thumba anthu adzakuseka mwezi umodzi, kenako adzapeza wina womuseka. Ine ndidzakulandira, amayi ako adzakulandira, ndipo khasu lidzakulandira chifukwa udzatha kuima m'munda.

Amayi ako usawauze za jeki. Ndiwauza ndekha ndege zikayamba kuyenda bwino n'kupita kumudzi, nkhani ngati imeneyi siyokambira pa foni. Za a Sakala sindikudziwa ngati ndidzalimbe mtima. Usandifunse.

Masiki uzivala m'ndege monse, ndipo pepala la kuyezetsa lija usaliike m'chikwama chachikulu. Pasipoti uijambule pa foni. Ukafika uwaimbire amayi ako usanaimbire mtsikana wako wa ku Lusaka uja amene ukuganiza kuti sindimudziwa.

Chomaliza ndi ichi, ndipo si pempho. Ku kampu kumakhala intaneti ya mabwana, madzulo amalola antchito kulumikiza kwa kanthawi. Tsiku lililonse ukabwera kosaka, usanadye, uvule nsapato ndi masokosi, ukhale pomwe pali kuwala, ujambule mapazi ako onse awiri, pamwamba ndi pansi, zala zitatambasuka, unditumizire. Usanditumizire nkhope, nkhope yako ndikuidziwa ndipo imadziwa kunama ngati yanga. Usandilembere kuti uli bwino. Ndikufuna ndiziwerenga ndekha.

Tsiku limene chithunzi sichidzafika, sindidzadikira mawa lake. Ndidzachoka kuseri kwa galaja kuno, ndidzalowa m'nyumba yaikulu ndi nsapato zanga kumapazi, ndidzaima pamaso pa bwana pa kapeti yake, ndipo ndidzalankhula mokweza mpaka aimbe foni ku kampu kuti wina akakuvule aone. Zaka zonse ndagwira pano sindinakwezepo mawu m'nyumba imeneyo. Akafuna adzandichotse.

Pita bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolere, ndipo zingwe usamange zolimba.

Ndine bambo ako,
Mbewe